Kukasaka M'bale wa Mtengo wa Apongozi

Ulendo wa ku Dar es Salaam ndauyenda kambirimbiri, moti maenje a mumsewu wa Nakonde ndimachita kuwapatsa moni. Ndimagulitsa zitenje ndi nsapato pamsika wa Maramba kuno ku Livingstone, ndipo katundu ndimakapikula ndekha. Koma pa maulendo onsewo, umene sudzandichoka m'mutu ndi umene ndinayenda ndi apongozi anga aamuna, bambo wawo wa amuna anga, pa nkhani ya mtengo.

Mtengowo uli kuseri kwa nyumba imene timakhala nawo limodzi ku Dambwa North. Si wautali kwenikweni, koma ndi wotambalala, nthambi zake zokhotakhota. Masamba ake ndi ozungulira ngati mbale, olimba, a mitsempha yofiira, ndipo ikafika nyengo yozizira amafiira onse n'kumathothoka, ine wosesa n'kumang'ung'udza. Dzina lake panalibe wolidziwa. Malemu apongozi anga aakazi anaulandira uli kambande m'chitini kwa mayi wina wochokera kuzilumba za kutali, amene ankamugwirira ntchito ya m'nyumba asanabwerere kwawo. Mayiyo anawauza kuti ukadzakula udzabala zipatso zolendewera ngati mphesa.

Unakula, koma osabala. Chaka chilichonse unkatulutsa tizingwe ta maluwa oyera, njuchi n'kudzaza pabwalo, kenako maluwa onse n'kuyoyoka. Malemuwo anayesa zonse zimene timachita ndi mtengo wokanika. Anaukhomera misomali patsinde, anausomeka chitsononkho monga timachitira ndi papaya, ndipo m'mawa wina ndinawapeza akuumenya ndi munsi uku akuukalipira m'Chitonga kuti ndi waulesi. Anamwalira asanalaweko kalikonse.

Ine malo amenewo ndinkawafuna, ndipo sindinabise. Ndinkafuna kumangapo zipinda ziwiri, china chosungiramo katundu, china chochititsa lendi kwa anyamata ogwira ntchito kubwalo la ndege. Mchenga unali utafika kale, njerwa zitaunjikidwa, mmisiri akungodikira kuti mtengo ugwe. Amuna anga, a Mweemba, amene amayendetsa galimoto yonyamula alendo odzaona mathithi, anapanikizika pakati pa mkazi ndi bambo wawo, ndipo anayamba kuchedwa kuweruka mwadala. Pomaliza apongozi anadula okha mlandu Lamlungu lina titabwera kutchalitchi.

"Ngati ni mutengo wa vipaso, siuyenda kulikonse," anatero. "Ngati ni wa mtunzi chabe, dulani. Koma nifuna nizibe poyamba."

Mwana wathu Chipego anaujambula pafoni yanga, ndi maluwa omwe, kuti foniyo itiuze dzina, koma akajambula tsamba inkanena china, akajambula khungwa inkanena china. Kenako mnzanga wa pamsika, Namakau, Mlozi mtundu wake, wa pakamwa posatseka, anadzacheza n'kulumbira kuti mitengo yotere ili mbwee m'mphepete mwa nyanja yamchere ku Dar, zipatso zili lende. Apongozi atamva zimenezo anatulutsa pasipoti yawo ya kale ya nthawi imene ankagwira ntchito ya njanji, anakaikonzetsa, n'kulengeza kuti ulendo wotsatira apita nafe. A Mweemba sakanachoka pantchito chifukwa inali nyengo ya alendo. Udindo wonse unagwera ine.

Kuti mumvetse vuto langa, ine ndine Mchewa wa ku Katete ngakhale ndinabadwira kuno. Alangizi anandiphunzitsa kuti apongozi aamuna sukhala nawo mpando umodzi, sudya iwo akuona, ndipo polankhula nawo umagwada chapatali maso ali pansi. Zaka zonse za ukwati wanga ndinkawadziwa bwino nsapato zawo kuposa nkhope. Iwo ankanditcha Bina Chipego, kutanthauza amake Chipego m'Chitonga, ine n'kumati Batata, kutanthauza bambo. Tsono munthu ameneyo, wa maso a ng'ala oona chimbuuzi, ndiye ndinkayenera kumugwira dzanja mpaka kunyanja. Mumtima ndinkapemphera kuti mtengowo tisakaupeze.

Tinanyamuka m'mawa kukuzizira. Tinagula mipando ya mzere wa anthu atatu, apongozi kuzenera, Namakau pakati ngati mpanda, ine kunjira. Apongozi anavala jekete lawo la kutchalitchi, ndipo m'manja ananyamula nthambi ya mtengo wawo, yokhala ndi masamba ndi kachingwe ka maluwa, yokulungidwa m'chiguduli chonyowa. Kondakitala anati nthambiyo ipite kunsi kwa katundu.

"Iyi ikala na ine," anayankha apongozi.

"Ba shikulu, izadontela bantu manzi," anatero kondakitala, kuwatcha agogo.

"Idontela ine. Ndine nakala nayo."

Kondakitala anaona kuti pamenepa sapambana, anangoseka n'kupitirira. Mlaliki wa m'basi anatipempherera mpaka tinadutsa Zimba, n'kutsika ku Kalomo atatolera zake. Ku Choma anthu anagula nkhuku ndi tchipisi, ku Monze nthochi, ku Mazabuka tinadutsa pakati pa minda ya nzimbe. Namakau anadya chilichonse chimene chinafika pazenera. Ine ndinagulira apongozi chakudya, ndinachipereka kwa Namakau kuti awapatsire, ndekha n'kumameza malovu. Pofika pamlatho wa Kafue m'mimba munali mukulira moti mayi wa mzere wa kutsogolo anatembenuka.

Ku Lusaka tinagona kwa msuweni wa Namakau, ndipo kumeneko ndinadyera kukhitchini ngati wothawa nkhondo. M'mawa mwake pasiteshoni anyamata oitanira basi anatizinga, wina atagwira chikwama, wina atagwira mkono wa apongozi, aliyense akulumbira kuti yake ikunyamuka manje manje. Tinakwera imene inkaliza injini kwambiri. Inaliza injiniyo osasuntha mpaka dzuwa linakwera, dalaivala akuiyendetsa pang'ono kutsogolo n'kubwerera pomwepo kuti tisataye mtima. Apongozi, munthu wa njanji, anafunsa ngati basiyi ili ndi nthawi yake yonyamukira. Namakau anawauza kuti nthawi yake ndi pamene mpando womaliza wapeza mwini.

Tinadutsa Kabwe ndi Kapiri Mposhi, n'kukhotera kumpoto chakum'mawa. Chiguduli chikauma apongozi ankachithira madzi a m'botolo lawo akumwa, moti ndinkagula madzi a anthu awiri, munthu ndi nthambi. Chakufupi ndi Serenje basi inaima pamene amayi amagulitsa chinangwa chootcha ndi mtedza wokazinga. Fungo lake linandigonjetsa. Ndinagula, ndinadzifunditsa chitenje kumutu ngati wodwala malungo, n'kuyamba kutafuna pang'onopang'ono m'kati mwa chitenjemo. Koma chinangwa chootcha sichidyeka mwachinsinsi.

"Bina Chipego," anatero apongozi, nkhope ili kuzenera.

Ndinasiya kutafuna, chinangwa chili m'tsaya. "Batata."

"Menso yanga yanafa, koma matu yamvela bwino. Chosani nsalu iyo mudye monga muntu. Muzafika ku nyanja muli mutembo, manje nizakamba chani kuli mwana wanga?"

Namakau anaseka mpaka kutsamwa. Ine ndinachotsa chitenjecho ndili ndi manyazi osaneneka, koma ndinadya, ndipo apongozi anatambasula dzanja kudutsa pa Namakau kuti ndiwagawireko mtedza. Kanali koyamba kuika kanthu m'dzanja lawo popanda mbale kapena mwana wotuma.

Titapitirira Mpika basi inayamba kununkha ngati mphika wopserera, kenako nthunzi inatuluka kutsogolo. Paipi ya madzi inali itaphulika. Tonse tinatsika pakati pa tchire, popanda nyumba ngakhale imodzi. Dalaivala anati makaniko akubwera kuchokera ku Mpika pa njinga yamoto, ali pafupi. Aliyense amene wayendapo msewu umenewu amadziwa kuti pafupi pa makaniko ndi pati. Amayi anayala zitenje pamthunzi, abambo anazungulira injini n'kumapereka nzeru zimene palibe anawapempha, ndipo m'busa wina wa ku Isoka anayamba kugulitsa mankhwala a msana.

Apongozi sanakhale pansi. Anandipempha kuti ndiwaperekeze m'mbali mwa msewu, ndipo mtengo uliwonse umene tinaupeza ankaugwira tsamba, n'kutsetsereka ndi chala mpaka pamene tsambalo lagwirana ndi nthambi. Msuku anaudziwa, mpundu anaudziwa, ina ankangopukusa mutu. Ndinawafunsa chimene ankafuna pamenepo, poti mtengo wathu ngakhale mwana angaudziwire masamba ake aakuluwo.

"Matepo yanama," anatero, kunena masamba. "Mitengo yambili ili na matepo yakulu. Gwilani apa."

Anamasula chiguduli n'kundipatsa nthambi. Pamene tsamba lililonse limayambira panali kachikopa kopyapyala kozungulira nthambi yonse, kofiirira, kokhala ngati nthambiyo yavala kasokosi. Ndinali nditasesa masamba a mtengo umenewu zaka zonsezo osakaona.

"Banyina Mweemba ndiye bananionesa," anatero, kutchula malemu akazi awo. "Benze kukamba ati mutengo wanga ni wa ulemu, suyenda opanda sokosi. Nasakila mu Livingstone yonse, ku ma lodge, ku ma yadi ya bazungu, kulibe wina wovala so."

Makaniko anafika dzuwa litapendeka, atanyamula paipi yosakwana. Anaidula, anaimanga ndi mphira wa tayala, anthu tinasonkha madzi a m'mabotolo athu kuthira mu injini, apongozi okha anakana kupereka awo. Tinayenda mwapang'onopang'ono kudutsa Chinsali ndi Isoka, basi ikugwera m'maenje n'kutulukamo, mpaka tinayamba kuona mzere wa malole odikira boda umene sutha. Tinagona ku Nakonde m'nyumba ya alendo imene ine ndi Namakau timafikira nthawi zonse.

Paboda m'mawa panali piringupiringu wa masiku onse, osintha ndalama akukuitana kuti mlongo, onyamula katundu akukuponda, fumbi lili kobo. Mapasipoti anadindidwa bwinobwino. Vuto linabwera pamene wantchito wina wa ku Tunduma, mbali ya Tanzania, anaona chiguduli chikudontha n'kufunsa chimene chinali m'katimo. Atamasula anati zomera siziwoloka popanda chilolezo cha a zaulimi, chifukwa zimanyamula matenda. Ndinachonderera m'Chiswahili changa cha pamsika, chimene chimadziwa kutsitsa mitengo ya nsapato koma chosazolowera kupempha chifundo. Munthuyo sanali wankhanza. Anawatcha apongozi kuti babu, kutanthauza agogo, anapepesa, koma nthambi anaiponya m'mgolo.

Apongozi anaima chilili kuyang'ana kumene kunamveka kugwa kwa nthambiyo. Kenako anapempha kuti awabwezere chiguduli. Anachifinya, anachipinda bwinobwino, n'kuchiika m'thumba la jekete.

"Nili na vikumo," anatero, akundionetsa zala zawo. "Tiyeni."

Kunena zoona, pamenepo mtima wanga unagawikana. Mbali ina inkati popanda nthambi palibe chimene tikatsimikize, zipinda zanga zamangidwa basi. Mbali ina inkafuna kulowa mumgolomo.

Basi ya ku Tanzania inali ya mipando iwiriiwiri, ndipo Namakau, mpanda wanga uja, anamuika kumbuyo kwenikweni pafupi ndi matumba a mpunga. Ndinakhala phewa ndi phewa ndi apongozi. Poyamba ndinadzipanikiza kunjira moti theka la thupi linali m'malere, koma dalaivala wa kumeneko akakhota sakufunsa za mwambo wa kwanu. Pofika ku Mbeya ndinali nditawagwera kangapo, iwonso atandigwera, ndipo tinasiya kupepesana.

Titadutsa Iringa msewu umatsika phiri mokhotakhota, phompho lili pambali, malole ogubuduzika akuoneka kunsi. Apongozi sankaona phompholo, koma ankamva mabuleki akununkha ndi anthu akuitana Mulungu m'zinenero zitatu. Anagwira mpando wa kutsogolo n'kuyamba kulankhula, mwina pofuna kuiwala mantha. Anandiuza mmene malemu anabwerera ndi chitini chija pamutu, mmene ankachibisira m'nyumba nyengo yozizira ngati khanda, ndi mmene anakanira kusamukira kunyumba yabwinopo ya kampani chifukwa mtengo unali utagwira kale. Anati m'chipatala, masiku omaliza, malemuwo anawafunsa ngati maluwa a chaka chimenecho agwira. Iwo anayankha kuti agwira pang'ono, pamene anali atayoyoka onse.

"Nifuna chabe nizibe ngati uja muzimai ananama kuli mukazi wanga," anatero. "Ngati ananama, ninshi banavutika pa mahala."

Ndinali ndisanaganizepo kuti nkhaniyi kwa iwo sinali ya mthunzi kapena zipatso zokha. Tinadutsa m'nkhalango ya Mikumi anthu akuloza akadyansonga ndi mbidzi, ine n'kumawafotokozera apongozi zimene zili pazenera, kenako Morogoro, kenako mzere wa magalimoto wolowa mumzinda umene unatidyera nthawi kuposa phiri lija. Dar inatilandira ndi kutentha kwake konyowa, koma jekete sanavule.

M'mawa mwake Namakau anatitsogolera kugombe monyadira ngati nyanjayo anakumba yekha. Anatiimika pansi pa mtengo waukulu wa nthambi zoyala, masamba aakulu, ena ofiira, zipatso zobulungira zili pansi.

"Si uyu, Batata? Nakamba ine!"

Kunena zoona, ndikanakhala ndekha ndikanavomera. Apongozi anapempha kuti ndiwatsitsire nthambi. Anagwira tsamba, analiyeza m'litali ndi chikhatho, anatsetsereka ndi chala mpaka pa mfundo, n'kuzungulira kawiri.

"Alibe sokosi," anatero. "Na tepo ni itali, si ya raundi. Si uyu."

Mayi wogulitsa madafu, kokonati wanthete wakumwa madzi ake, pafupi anatiuza kuti umenewo ndi mkungu, ndipo ulidi paliponse. Namakau anayamba kukangana kuti kusiyana kwake n'kochepa, koma apongozi anamuthokoza mwaulemu, n'kunena kuti tipite tikagule katundu wathu, tisataye tsiku chifukwa cha nkhalamba. Ngakhale madzi a nyanja sanafune kuwagwira.

Tsiku lonselo anakhala pa kampando m'sitolo ya mwenye amene ndimapikulako zitenje. Ine ndinkasankha nsalu, koma maso ankangobwerera kwa iwo. Anali atatulutsa chiguduli chija, chouma tsopano, akuchipinda n'kuchifunyulula pa bondo. Ndinali nditapambana, ndipo zinandipweteka kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndinasiya nsalu pakauntala, ndinatuluka panja, n'kuyamba kuonetsa chithunzi cha pafoni kwa oyendetsa bajaji, tinjinga ta mawilo atatu tija. Wachitatu kapena wachinayi anati iye mitengo saidziwa, koma kumpoto kwa mzinda, m'mbali mwa msewu wa kugombe, kuli anthu ogulitsa mbande za maluwa, tikafunse kumeneko.

Tinapita awiri, Namakau atatsala kulondera katundu. Ogulitsa mbande oyamba ankangofuna kutigulitsa chilichonse cha masamba aakulu. Kenako tinafika kwa bambo wina wa imvi ndi kapu yoyera, amene atayang'ana chithunzi sanalankhule zambiri. Anatitsogolera kudutsa pakati pa mbande zake, kuseri kwa mpanda, mpaka pamchenga pamene mafunde ankamveka. Pamenepo panali mzere wa mitengo yotambalala, yokhotakhota, masamba ozungulira a mitsempha yofiira. Ndinaidziwa ndisanafike, ngati wakumana ndi m'bale wa amuna ako kuchilendo.

Apongozi anagwira tsamba, chala chinatsika, n'kuima pa mfundo. Anazungulira pamenepo kawiri.

"Bina Chipego," anatero motsitsa mawu. "Avala."

Bambo uja anawagwira dzanja n'kulikweza m'mwamba pang'ono. Pamenepo panalendewera phava lalitali la zipatso, zina zobiriwira, zina zofiirira ngati nthudza zakupsa. Apongozi analisisita kuyambira kumwamba mpaka kunsi. Mwini mbande anathyola zakupsa n'kuwaikira m'manja. Analawa chimodzi, anachimung'unya mpaka kutsala njere yake yaikulu, misozi ikutsika osaipukuta. Kenako anandipatsa zotsalazo. Zinali zotsekemera mowawasira, mnofu wochepa, kakomedwe kake kokhala ngati kali ndi kamchere patali.

"Sananame," anatero. "Uja muzimai sananame."

Mwini mbande ankalankhula Chiswahili chokha, choncho womasulira ndinali ine. Anati mtengowu amautcha mphesa ya kugombe, kwawo kwenikweni ndi kuzilumba za kutsidya kwa nyanja zazikulu, ndipo uli ndi abale ake angapo, ena aatali, ena a masamba aang'ono, koma onse amadziwika ndi kachikopa ka pa mfundo kaja. Apongozi anagwedeza mutu ngati akumva za anthu a kumudzi kwawo. Kenako anandiuza kuti ndifunse chifukwa chake wathu subala.

Bamboyo anatenga foni yanga n'kukulitsa chithunzi cha maluwa chimene Chipego anajambula. Anatitengera ku mtengo wa kumapeto kwa mzere, umene unali ndi maluwa okhaokha opanda chipatso ngakhale chimodzi. Anathyola kachingwe ka maluwa ake, n'kuthyolanso ka mtengo wobala, n'kuika tonse tiwiri m'manja mwa apongozi. Pa kena timaluwa tinali tothithikana timagulutimagulu, pa kena tinali kamodzikamodzi motalikirana. Apongozi anakweza kothithikanako n'kunena kuti wathu ndi wotere.

"Dume," anatero bamboyo, akuyang'ana ine. Anawonjeza kuti ngakhale titadikira mpaka liti, umenewo sudzabala.

Mawu amenewo ndinawamva ndekha. Apongozi anali atatembenukira kwa ine, akudikira, nkhope ikadali yowala ndi zipatso zija. Ndikanatha kuwauza kuti ukusowa feteleza, n'kuwasiya adikire zaka zina. Koma munthu amene wayenda mtunda wonsewo kudzafuna zoona sindikanamupatsa bodza.

"Batata, bakamba ati mitengo iyi ili monga popo, papaya uja. Kuli ikazi na imuna. Wathu ni mwamuna. Suzabala."

Anayamba kuseka, kuseka kwenikweni mpaka kugwira tsinde la mtengo kuti asagwe. Anati zaka zonsezi akhala akuonerera mwamuna mnzawo akukhomedwa misomali ndi kumenyedwa ndi munsi kuti abereke, iwo osamuteteza. Ine ndinasekanso, mwini mbande n'kumaseka nawo osadziwa chimene tikuseka. Koma kuseka kutatha anawongola jekete lawo n'kuima mowongoka.

"Chipangano ni chipangano," anatero. "Si wa vipaso. Tumilani Mweemba, mumuuze adule. Mumange ma rumu yanu, mwana wanga. Mwanisunga bwino pa njila."

Anatembenuka n'kuyamba kufufuza njira ya kumpanda ndi phazi. Mwini mbande anandifunsa chimene babu wanena, ndipo nditamuuza anagwira kumutu. Analoza mzere wonse wa mitengo yolemedwa ndi zipatso ija n'kunena kuti yonseyo ikubala chifukwa cha mwamuna mmodzi wa kumapetoyo, njuchi zikamachoka kwa iye kupita kwa inayo. Akadulidwa iyeyo, mzere wonse ungakhale masamba okhaokha. Anati mwamuna wamkulu, wozolowera kale nthaka ya kwanu, ndiye wovuta kupeza. Wamkazi ali naye, wochokera ku nthambi ya mtengo wobala, wamera kale mizu m'thumba.

Zimenezo apongozi sanazimve, ndipo panalibe wondikakamiza kumasulira. Ndinaganiza za mchenga wanga, njerwa zanga, ndi anyamata a kubwalo la ndege amene anali atayamba kale kufunsa za chipinda. Kenako ndinafunsa mtengo wa mbandeyo, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga wa malonda sindinanenerere.

Ndinawapeza apongozi ataima pampanda. Ndinaimba foni pomwepo, n'kuikweza mawu kuti amve.

"Ba Mweemba, uzani ba bilida basagwile mutengo."

"Mwaupeza? Ubala?"

"Wathu subala, ni mwamuna. Tibwela na mukazi wake."

Amuna anga anafunsa ngati dzuwa la ku Dar landilowa m'mutu. Anafunsanso za zipinda zanga ziwiri. Ndinati chimodzi chikwana, achimangire kumbali ya chimbudzi, ndipo malo a chinacho asiye poti pali wodzakhalapo. Nditadula foni ndinaika thumba la mbande m'manja mwa apongozi. Anafufuza kanthambi kake ndi chala mpaka anapeza chimene ankafuna.

Phunziro la paboda tinali titalimva, choncho tsiku lotsatira linathera m'maofesi a zaulimi kufuna chilolezo, Namakau akudandaula kuti sanaonepo mkwatibwi wovuta mapepala chotere. Pobwerera sindinafunenso mpanda. Ndinakhala pambali pa apongozi, mbande ili pamiyendo pawo, masamba ake awiri akugwedera basi ikagunda bampu. Titatuluka mumzinda anandifunsa ngati mwini mbande ananena kuti idzayamba liti kubala. Ndinawauza zimene anandiuza, kuti ikasamalidwa bwino ndi zaka zitatu kapena zinayi.

Anawerenga pa zala mwakachetechete. Apongozi anga anali atakana opaleshoni ya ng'ala kuyambira pamene akazi awo anamwalira. Madokotala anawaitana, a Mweemba anachonderera, abusa anabwera kunyumba, iwo n'kumangoti palibe chatsala choti aone. Tinali titasiya kale kuitchula nkhaniyo.

"Bina Chipego," anatero, "tikafika munipeleke ku chipatala cha menso. Ivi vipaso nifuna nikavione vikali vobiliwila."